Mabokosi a m'Galaja ndi Pensulo ya Mayi Ilona

Thokozani ndi Madalitso, ana anga,

Mwezi watha iwe Thoko unaima pakhomo pa galaja, manja m'chiuno, n'kunena m'Chingerezi chako chothamanga chija kuti mabokosi anga ndi chakudya cha mphemvu, ndipo kuti tsiku lina mudzangoitana galimoto ya zinyalala. Sindinakuyankhe chifukwa amayi ako anandiponda chala. Ndikuyankha pano, polemba, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Mabokosiwo alipo makumi atatu ndi limodzi. Anali makumi anayi. Mutu uno wa mbiri yanga ukufotokoza mmene anafikira m'galajamo, ndi zimene ndinataya kuti afike.

Ntchito yoyamba: zaka zinayi ku mishoni

Kalata yondilemba ntchito ili m'fayilo yofiira, tsamba loyamba, ndipo dzina langa analilakwitsa. Ananditumiza kukaphunzitsa nyimbo pa sekondale ya mishoni kumapiri a ku Dedza, pomwe inenso ndinaphunzira. M'kabati ya kuseri kwa tchalitchi ndinapezamo mavayolini atatu ndi vayola imodzi, zosiyidwa ndi wansembe wachikulire amene anandiphunzitsa kugwira uta wokhwekhweza pa nsambo poimba. Iye anali atamwalira kale. Popeza mpaka lero mumasokoneza, ndibwerezenso: vayola ndi mkulu wake wa vayolini, thupi lokulirapo, mawu otsika ngati a munthu wamkulu akulankhula m'chipinda china. Zida zinayizo zinkafuna nsambo khumi ndi zisanu ndi imodzi, koma zamoyo zinalipo zisanu ndi ziwiri. M'malo mwa zosowazo tinkamasula waya wa mabuleki a njinga. Utomoni wopaka pa uta kuti uzigwira nsambo tinkaukanda pa mitengo ya paini, kuuphika m'chitini, n'kuusefa pa mpango wanga. Unkanunkhira kuposa wogula, ngakhale unkadetsa malaya. Buku la nyimbo linalipo limodzi lokha, choncho mwana aliyense ndinkamukopera pamanja. Posakhalitsa ahedi anandiitana.

"A Mbewe, nyimbo zanu za maliro a azungu zija zikutha mapepala a mayeso."

"Ndipatseni a mayeso a chaka chatha, abwana. Ndizilemba kuseri."

"Ndiye mwana aziimba uku, kuseri akuona kuti mkulu wake anapeza ziro?"

"Aziimba mwachifundo," ndinatero. Anandipatsa katoni yonse.

Koma chimene ndinachoka nacho pa mishoni si luso lophika utomoni ayi. M'buku limodzi lija wansembe anali atalembamo ndi pensulo tinambala ting'onoting'ono pamwamba pa manotsi, zizindikiro za mawu a nyimbo zija, kusonyeza chala choyenera kugwira pamalo aliwonse. Ndikakanika penapake, ndinkatsatira tinambalato ndipo dzanja linkadutsa. Munthu ali m'manda, koma ankandiphunzitsabe masana aliwonse.

Chaka choyamba ku Perth

Za maphunziro anga kunja ndalemba kale m'mutu wapitawu. Tinafika ku Perth amayi anu atapeza ntchito ya unamwino, ine ndili ndi vayola ndi sutukesi basi. Tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Bentley, m'nyumba yokhalamo ophunzira, ndipo ndinkaimbira m'bafa chifukwa kokhako n'kumene kunali chitseko chotsekeka bwino. Mayeso olowera m'okesitila, gulu lalikulu la oimba ndi zida, ndinaimba kuseri kwa chinsalu, oweruza osaona nkhope. Ananditenga, nandiika pa sitandi (choikapo pepala la nyimbo) yachitatu ya mavayola, mpando wamkati.

Apa mumvetse bwino, pakuti nkhani yonse yagona pomwepa. Oimba zida zansambo amakhala awiriawiri, pepala la nyimbo limodzi pakati pawo. Wokhala mbali ya omvera ndiye wamkulu. Wamkati ndiye amatembenuza masamba, ndipo akulu akalamula kanthu, ndiye amalemba. Wamkulu wanga anali Mayi Ilona, mayi wamfupi wochokera ku Hungary, wondiposa zaka makumi awiri, wonunkha fodya ndi maswiti a chifuwa. Dzina langa linkawavuta, ankati "Embewe". Tsiku loyamba la pulakatisi, wotsogolera mavayola anatembenuka n'kunena kuti pamzere wakuti tisinthe kakokedwe ka uta. Ine, mphunzitsi wa ku Malawi wodziwa ntchito yake, ndinasolola bolopeni m'thumba la malaya n'kulemba, mwaukhondo ndithu. Mayi Ilona anandigwira pamkono ngati agwira wakuba pamsika.

"Embewe, ichi n'chiyani?"

"Cholembera, mayi."

"Inki ndi ya anthu amene anamaliza kudziwa zonse. Iwe unamaliza?"

"Ayi."

"Ngakhale ine. Mawa munthu yemweyu akasintha maganizo, udzafufuta ndi chiyani, malovu?"

Anazula pensulo yakuda yofewa m'tsitsi mwawo n'kundipatsa. Ndinaigwiritsa ntchito tsiku limodzi lokhalo, madzulo ake n'kukagula zanga khumi ndi ziwiri, yawoyo n'kuisunga. Mawa lake wotsogolera uja anasinthadi maganizo, ndipo chizindikiro changa cha inki chinakhala pomwepo, cholakwika, mpaka kalekale.

Pa nthawi yopuma anandikhazika pansi n'kundiwerengera pepala lija ngati kalata yochokera kumudzi. Kachizindikiro konga khomo ndiko kuti kokera uta pansi, konga mphanda ndiko kuti kankhira m'mwamba. Izo ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti cholemba chilichonse ankadziwa mwini wake. "Tinambala iti ndi ta bambo wina amene anali ndi kachala kakafupi, usatitsatire, zala zako n'zazitali. Mzere uwu analemba mayi wina amene anaimba pano ine ndisanafike. Ameneyo akati puma, puma." Kenako anandionetsa timagalasi ta m'maso tojambulidwa pamwamba pa mzere wina. "Ukaona iti, dzutsa mutu, yang'ana woimbitsa. Pano panagwapo anthu okuposa." Lamulo lawo linali limodzi: usafufute cholemba cha mnzako usanaimbe malowo katatu n'kupeza njira yoposa yake.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa sitandi imodzi

Tinakhala limodzi zaka zimenezo, iwo kunja, ine mkati. Kawiri konse ndinapatsidwa mwayi wosunthira kutsogolo, ndinakana. Makalata ake ali m'fayilo yofiira, ngati mukuganiza kuti ndikudzitama. M'chaka changa chachisanu ndi chitatu yunivesite inandilemba ntchito yophunzitsa vayola ndi vayolini, poyamba masiku awiri pa sabata, kenako, nditasiya okesitila, sabata yonse. Dzina la yunivesiteyo sindililemba. Mukulidziwa, ndipo si makoma amene anandilakwira.

Okesitila itagula mapepala atsopano, akale aja anasowa pokhala: mabokosi makumi anayi a nyimbo za zida zonse zansambo, zolembedwamo ndi manja a mibadwo itatu. Nthawi imeneyo n'kuti Mayi Ilona atayamba kudwala, uta ukuwanjenjemera pa mawu ataliatali. Anayenda ofesi ndi ofesi mpaka akulu anagwirizana kuti mabokosiwo apite ku yunivesite, ophunzira aziphunziramo. Koma anaumirira kuti m'kalata yoperekera muikidwe chiganizo chimodzi: yunivesite ikadzasiya kuwafuna, adzabwezedwe kwa amene wasainira powalandira.

"Usainire ndiwe, Embewe."

"Bwanji osati akulu a ku laibulale?"

"Akulu amabwera n'kupita. Iwe sutaya ngakhale tikiti ya basi. Ndimakuona."

Ndinasaina. Kalatayo ili m'fayilo yobiriwira, chidindo cha yunivesite chili pansi kumanja. Mayi Ilona anamwalira nyengo yozizira yotsatira.

M'kalasi mwanga wophunzira sankakhudza nsambo asanawerenge pensulo. Ndinkamupatsa tsamba lakale n'kumufunsa kuti, munthu uyu anaikiranji chala chachitatu apa, pomwe osindikiza akuti chachiwiri? Ena ankatopa nane n'kukadandaula, ndipo madandaulo awo ndinasunganso. Akulu a dipatimenti ndinaona asanu. Woyamba ankalowa m'kalasi kudzamvera, ndipo ndimamukumbukira bwino. Wachiwiri anadula phunziro la munthu mmodzi kuchoka pa ola kufika pa mphindi makumi anayi ndi zisanu. Wachitatu anafikitsa pa theka la ola, ngati kuti chala cha munthu chimafewa msanga chikamva kuti nthawi yachepa. Wachinayi sanakhalitse. Aliyense ndinamulembera. Fayilo yabuluu ndi yonenepa mbali ya makalata anga, yowonda mbali ya mayankho. Wachisanu anali a Pritchard, munthu waulemu, wokonda makina, amene ankamwetulira ngakhale pokukaniza.

Chaka chomaliza, nyengo yozizira

Chaka chimenecho ndinali ndi wophunzira woposa onse amene ndinaphunzitsapo, Hannah, mtsikana wochokera ku minda ya tirigu, wamanja olimba ndi makani ngati anga. Kunatsala miyezi isanu kuti aimbe konsati yake yomaliza, imene imaweruza digiri yonse.

A Pritchard analengeza kuti nyimbo zonse ziziwerengedwa pa matabuleti, zoyera, zochokera kwa osindikiza, ndipo chipinda cha mabokosi chisanduke situdiyo yojambulira mawu. Matabuleti sindidana nawo ayi, mphepo siiulutsa tsamba lake. Ndinangopempha kuti ajambule masamba athu olembedwawo n'kuwaika m'matabuletimo. Anati pensulo siioneka bwino pa makina, ndipo zolemba zambirimbiri zimasokoneza ana. Kenako anandibweretsera fomu yoti ndisaine, monga mphunzitsi wamkulu wa zansambo, yonena kuti mapepalawo alibenso ntchito pa maphunziro.

"Ndi mwambo chabe, Mista Mbewe."

"Ngati ndi mwambo chabe, sainani nokha."

"Ikufuna katswiri."

"Katswiriyo ndi uyu, ndipo akuti mapepalawo ali ndi ntchito."

Ndinawapatsa kope la kalata ya m'fayilo yobiriwira. Anangoiyang'ana pamwamba, nati aipereka kwa oyenera. Tchuthi cha pakati pa chaka chitatha, ndinafika Lachinayi m'mawa n'kupeza chipinda chili pululu, pansi pali mizere ya fumbi pomwe panali mabokosi. Wosamalira nyumbayo anandiuza monong'ona kuti lole inabwera Lachiwiri, yapita nawo ku Welshpool, ku kampani yogaya mapepala. Fomu ija anali atasainitsa munthu woimba lipenga.

Ndinaimbira foni a Tembo, anzathu a ku tchalitchi aja ochokera ku Zambia, amene amayendetsa makina onyamulira katundu ku Welshpool komweko ndipo amadziwa geti lililonse.

"Ba Mbewe, manje imwe mufuna tikabe vinyalala masana yano?"

"Sitikukaba. Ndili ndi kalata."

"Imwe na makalata yanu. Olo kumwamba muzangena na fayilo. Imani pa sitesheni, nibwela na lole ya mlamu wanga."

Tinalowa mageti awiri olakwika, lachitatu ndilo linali lake. Kapitawo wa pamalopo, mayi wovala jekete lachikasu lowala, anawerenga kalata yanga yonse mpaka pa chidindo, chinthu chimene a Pritchard ndi madigiri awo atatu sanachite. Anaimitsa makina, naimbira ku laibulale ya yunivesite. Tinadikira maola awiri pamphepo. Kumeneko anafufuza, napeza kope lawo, navomera kuti mabokosiwo ndi anga. Koma asanu ndi anayi anali atagayidwa kale. Ndinaona zotsala zake m'chibelo chomangidwa ndi waya, tizingwe ta pepala, apa theka la notsi, apo mwendo wa nambala. A Tembo anavula chipewa osauzidwa. Otsalawo tinapakira tokha, ine nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, msana ukulira.

Sabata yotsatira

A Pritchard anandiitana. Anati ndachititsa manyazi dipatimenti pamaso pa anthu akunja, koma nkhani itha bwino ngati ndisaina kalata imene anali atandilembera kale: kuti panali kusamvetsa kumbali yanga, ndipo kuti sindidzabweretsanso mapepala akalewo m'kalasi. Ndikatero ndimaliza zaka ziwiri zimene zinanditsalira, ndipo adzandikonzera konsati yotsanzikana. Ndikakana, nkhani ipita ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo podikira chigamulo sindiloledwa kuphunzitsa. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndimalize ndi Hannah. Anamwetulira, nati zonse zili m'manja mwanga.

Amayi anu ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuanula zochapa.

"Bambo a Thoko, mapepala mwapulumutsa kale, ali m'galaja, galimoto ikugona panja. Kusainako kukupwetekani pati?"

"Akufuna ndilembe kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa bwinobwino."

"Nanga mwana wa eni uja, Hannah?"

Ndinayamba kutolera zopanira zovala.

"Ndafunsatu, a Mbewe. Mayi Ilona anagona, samva kuwawa. Wamoyoyu ndiye amve."

"Ndikasaina bodza, ndikalowa m'kalasi kukamuphunzitsa chiyani? Kuti dzanja la munthu lizilemba zimene akulu akufuna?"

"Mukamuphunzitse vayola. Si zimene anakulemberani ntchito? Gwirani uku."

Anandipatsa nsonga ya nsalu ya pabedi, tinaipinda. Sanandivomereze tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sanandivomereze. Muwafunse.

Sindinasaine. Komiti ikanadzakhala konsati ya Hannah itadutsa kale, ndipo sindinafune kukaima ngati wakuba pa katundu wanga yemwe. Ndinalemba kalata yopuma pantchito, masamba anayi, ndime iliyonse ndi nambala yake. Hannah ndinamuuza ndekha, pa benchi ya panja pa dipatimenti. Sanalire. Anandiyang'ana nati, "Mwasankha anthu akufa, mwasiya ine." Ndinafuna kumutsutsa, koma ndinaona kuti mwa zonse zimene ndinauzidwa ku yunivesite mwezi umenewo, chokhacho ndicho chinali choona. Ndinamuuza kuti galaja ndi yotsegula Loweruka lililonse. Sanabwere.

Konsati yake ndinakamvera nditakhala mzere wakumbuyo ngati mlendo. Anakhoza, koma osati mmene akanakhozera. M'chigawo chachiwiri anathamanga pamalo pomwe ndikanamuuza kuti adikire, ndipo mlandu wa malo amenewo ndi wanga. Ndikulemba izi kuti musadzanene kuti bambo anu ankadziona osalakwa. Mwana uja ndinamulakwira. Koma kalata ija, atandibweretsera lero, sindingasainebe.

Chaka chachitatu cha kupuma

Loweruka lina m'mawa belu linalira. Anali Hannah, vayola kumsana. Sitinataye nthawi ndi mapepeso. Anati wapambana mayeso a kuseri kwa chinsalu olowera m'okesitila, amuika mpando wamkati, ndipo sabata yotsatira akuimba nyimbo ina yaitali imene mavayola amagwa m'chigawo chomaliza. Pa tabuleti yake panalibe chomuuza pomwe pali dzenje. Tinalowa m'galaja n'kutsegula bokosi lachisanu ndi chiwiri. Pa tsamba lachinayi panali chizindikiro cha inki yabuluu, chokhachokha m'mabokosi onsewo.

"Mbuli iyi inali ndani?" anafunsa.

"Mphunzitsi wina wa ku Dedza. Anadzaphunzira pambuyo pake."

Anandiyang'ana, naseka koyamba chichokere pa benchi paja. Anatembenuza masamba mpaka anapeza timagalasi ta Mayi Ilona. Anatulutsa vayola pomwepo, pakati pa mabokosi ndi makina otchetchera udzu, naimba malowo katatu osauzidwa, kenako n'kukopera timagalasito m'tabuleti yake ndi chala. Kuyambira pamenepo amabwera mwezi ndi mwezi, nthawi zina ndi anzake a pa masitandi ena. Magalimoto amene mumawapeza pakhomo Loweruka ndi a anthu amenewo. Si a mpingo ayi, monga anaganizira Madalitso.

Tsono mverani. M'fayilo yobiriwira, kuseri kwa kalata yakale, muli kalata yatsopano. Ine ndikadzapita, mabokosi makumi atatu ndi limodzi ndi a Hannah, pamodzi ndi pensulo yakuda imene ili m'bokosi la vayola yanga. Naye akadzatopa nawo, adzapeze wina wowasainira. Mboni ndi a Tembo ndi amayi anu, amene anasaina akung'ung'udza. Itafika nthawi yake, Hannah anazula pensulo m'tsitsi kuti asaine. Ndinamugwira pamkono n'kumupatsa bolopeni, pakuti iyi si nkhani yoti munthu adzasinthe maganizo mawa.

Mpaka tsiku limenelo, Thoko, galimoto izigona panja. Mame sanaphepo galimoto.